AI ilemba lipoti, koma ndani adzaima m'matope?

Masiku ano nkhani ya AI yafika mpaka ku mpando wa kumbuyo wa minibasi. Wina ati nchito za mu ofesi zatha, wina adandaula kuti mwana wake wa ku koleji salembanso assignment na mutu wake. Pa Facebook na m'magulu a WhatsApp mwadzala zilengezo za makosi a "prompt engineering", ati mukalipila cabe, pakapita masabata awili mwakhala katswili. Pakati pa anthu amene auzidwa kuti nchito yawo ili pa ngozi pali ma project manager. Kale mu 2019, kampani yofufuza ya ku America yochedwa Gartner inalosela kuti pofika mu 2030, makina adzatenga 80 pelesenti ya nchito imene ma project manager acita. Panthawi imeneyo ChatGPT inali isanabadwe. Inatuluka pa 30 November 2022.

Mwina muganiza kuti iyi ni nkhani ya ovala matayi a ku Rhodes Park, ndipo siikhudza munthu amene aimilila pa Kulima Tower kapena pa City Market kuyembekezela basi. Iyai, ikukhudzani. Project manager ni munthu amene apatsidwa nchito yokhala na poyambila na pothela, ndalama zowelengeka, na tsiku lofunika kutsiliza, ndiye auzidwa kuti "ona kuti yatheka." Amene munali kukwela mabasi a mu Great East Road pakati pa 2018 na 2021 mukumbukila bwino pamene kampani ya Afcons ya ku India inali kumanga ma flyover pa Arcades na pa Munali, kuwonjezela pa aja a ku Makeni na Longacres. Kuwelengela kulimba kwa mlatho ni nchito ya mainjiniya. Koma kusankha kuti msewu uti utsekedwe lelo, mabasi azungulile kuti, mapolo a Zesco na mapaipi a Lusaka Water asamutsidwe liti, konkili ifike ola lanji kuti isaumile mu jam, imeneyo ndiye nchito ya project manager. Akaicita bwino, simumudziwa olo dzina. Akaiphonya, ndimwe mufika ku nchito 09 hours, bwana wafiila kale maso.

Maganizo athu pa danga lino ni akuti AI yachipitsa pepala. Pepala likachipa, munthu amene nchito yake yonse inali ya pepala nayenso achipa, koma amene adziwa zili pansi akwela mtengo. Vuto ni lakuti olemba nchito ambili, kuphatikizapo makhonsolo athu, akali kupima anthu poyang'ana pepala.

Tisaname, mbali yaikulu ya nchito ya project manager inali kulemba na kukopela. Ndandanda ya nchito, maminitsi a miting'i, lipoti ya pa mwezi, kalata yopempha kuwonjezela masiku, kalata yokumbutsa ba council kuti malipilo acedwa. Zinthu izi zinali kudya masiku. Manje ChatGPT, Gemini kapena Copilot izilemba m'mphindi zocepa, m'Cizungu cosalala kupambana ca ba headmaster. Mukaipatsa mawu amene munajambula pa foni mu miting'i, ikubwezelani maminitsi na mndandanda wa amene analonjeza ciani. Ici ni cinthu cabwino, ndipo manager amene akana kucisewenzetsa afanana na driver amene akana kuyatsa ma wiper mvula ili kugwa. Manager uja amene nchito yake inali cabe kutenga manambala kwa foreman na kuwaika mu PowerPoint ya mitundu-mitundu, mtengo wake wagwa zoona, ndipo sitidzamulila kwambili.

Lomba tiyeni ku "prompt" imene agulitsa m'makosi. Prompt ni mawu amene mulembela makina powauza cimene mufuna. Palibe matsenga. Tiyelekeze kuti munthu walemba kuti: "Nilembele pulani yomangila ngalande ya mamita 500 mu komboni ina ya mu Lusaka." Makina adzayankha mwaulemu. Sabata yoyamba kuyeletsa malo, yaciwili na yacitatu kukumba, yacinayi kuthila konkili, pakutha kwa miyezi iwili mwatsiliza, ba MP abwela kudula liboni. Pulani yooneka bwino kwambili, yoti mungaiike mu fulemu.

Manje wina alemba conco: "Malo ni Kanyama. Pansi pali mwala, pikiki siigwila, tifunika kubweleka compressor. Madzi ali pafupi, ukakumba pang'ono dzenje lidzala. Nchito iyamba mu September ndipo mvula ingayambe mu November. Pa malo okumbapo pali tuntemba, eni ake sanauzidwe. Pali paipi ya madzi imene siioneka pa mapu. Thilaki ya simenti siingakhote pakona ya kumsika, katundu adzafika na mawilibala. Malipilo oyamba angacedwe na miyezi iwili, ndipo anyamata a pisiweki afuna ndalama zawo pa Cisanu paliponse." Yankho ya makina pa prompt iyi idzakhala yothandiza kutali, idzakonza masiku mwanzelu, mwina idzakumbutsako na zina zimene munthuyo anaiwala.

Koma onani bwino. Kodi n'ciani casiyanitsa prompt yoyamba na yaciwili? Si luso lolemba. Mawu alionse a mu prompt yaciwili acokela m'mutu wa munthu amene anapondapo matope a ku Kanyama, amene anacitapo mkangano na mwini kantemba, amene anaonapo anyamata ataya mafosholo pa Cisanu cifukwa ndalama sizinabwele. Kosi ya masabata awili siingakupatseni zimenezo. Ingakuphunzitseni kuuza makina kuti "yankha ngati katswili" na kuti "ika mu tebulo," ndipo zimenezo mungaziphunzile mweka mu basi pakati pa town na Chilenje ngati bundle ilipo. Makina enieniwo akupita patsogolo caka na caka pomvetsa mawu olembedwa mwacisawawa, cakuti tumacenjela tumene anali kugulitsa mu 2023 tuyamba kale kutha nchito. Amene ali na ndalama ya kosi imodzi cabe, ife tikuti aphunzile kuwelenga drawing na bill of quantities. Prompt idzabwela yeka.

Ba driver amene awelenga danga lino amvetsa msanga. Mapu a pa foni aonetsa njila yaifupi, ndipo athandiza. Koma sakuuzani kuti ka msewu kaja ka shortcut kasanduka damu mvula ikagwa, kapena kuti pa 17 hours kulowa Lumumba Road ni kutaya trip yathunthu pamene cashing ya ba boss siinakwane. Driver wakale akapatsidwa foni ya mapu acita bwino kuposa kale. Munthu amene sanagwilepo siteling'i, olo mum'patse mafoni atatu, simungam'khulupilile na moyo wa anthu odzala basi.

Pamene pali ngozi yeniyeni ni pa ndalama za boma. CDF inali K1.6 miliyoni pa constituency iliyonse mpaka 2021. Mu 2022 inakwela kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. Izi zitanthauza manchito ang'ono-ang'ono ambili-mbili ku Matero, Mandevu, Chawama, Munali, Kanyama na kwina konse: makalasi, ma maternity annex, zimbudzi za pamsika, mabohoo, tumilatho. Iliyonse ifuna kontrakita, ndipo iliyonse ifuna munthu woiyang'anila. Kale kontrakita wa mu briefcase, uja alibe olo wilibala, nthawi zambili anali kugwidwa na pepala lake lomwe. Method statement yake inali yosamveka, ndandanda yake inali kuika denga cipupa cisanamangidwe, ndipo wa ku procurement amene ali maso anali kuona kuti apa palibe munthu. Lelo sefa imeneyo yang'ambika. Aliyense amene ali na foni angatulutse mapepala ooneka ngati alembedwa na kampani ya Grade 1 ya ku NCC, pamene iye sanamangepo olo cimbudzi.

N'cimodzimodzi na malipoti. Lipoti ingakambe kuti nchito yafika pa 80 pelesenti, na matebulo, na Cizungu cokoma, pamene kalasi ili pa window level ndipo mbuzi ndiye zigona mkati. Malipoti a Auditor General akhala akudandaula caka na caka za manchito osiyidwa panjila na ndalama zolipilidwa pa nchito imene siinacitike, ndipo zimenezo zinaliko AI isanabwele. AI siinabweletse bodza. Yacotsa cabe thukuta limene wabodza anali kukhetsa kuti bodza lake lioneke bwino. Ngakhale zithunzi, zimene tinali kudalila kuti "tumizani pa WhatsApp tione," lomba makina angazipange kapena kuzikonza.

Palinso bodza limene makina apanga okha popanda wowatuma. AI yamtunduwu isewenza mwa kulosela mawu oyenela kutsatila, ndiye ikasowa yankho siikhala cete, ipeka ina yomveka bwino. Mu 2023 ku New York, maloya analipitsidwa faindi ya madola 5,000 atapeleka ku khoti milandu yakale imene ChatGPT inapeka. Mu October 2025, kampani yaikulu ya Deloitte inavomela kubweza gawo la ndalama ku boma la Australia pa lipoti ya madola 440,000 a kumeneko, pambuyo popezeka kuti munali maina a mabuku amene kulibe na mawu oikidwa m'kamwa mwa woweluza amene sanawakambe. Ngati makampani a maofesi a magalasi agwa m'mbuna iyi, nanga ofesi ya council imene munthu mmodzi ayang'anila manchito makumi? Ganizilani makina apeka mtengo wa thumba la simenti, kapena kukula kwa nsimbi zoika mu slab ya kalasi imene mwana wanu adzakhalamo.

Apa ndiye paonekela cimene project manager agulitsa kweni-kweni: siginecha yake na miyendo yake. Akasaina kuti nchito yafika poyenela kulipilidwa, dzina lake lili pamenepo. Ngati ni injiniya, EIZ ingamuitane kuti ayankhe ndipo laisensi yake ingakhale pa ngozi. Mabwana ake angaitanidwe ku komiti ya Public Accounts ku Parliament. Anthu a mu ward angam'peze pa site na kum'funsa maso na maso. ChatGPT simungaiitane kulikonse, ndipo mukaiuza kuti yalakwa ipepesa mwaulemu na kulemba zina. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Makina samva m'mimba.

Kumbukilani 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo manyumba ambili anali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku. Pulani iliyonse yolembedwa kuciyambi kwa caka cija inasanduka pepala lokulungila vitumbuwa. Ma welder a ku Kalingalinga anali kudikila malaiti a pakati pa usiku kuti aseweze mafulemu a mawindo, opanga mabuloko anaima, dizilo ya genset inadya bajeti. Manchito amene anapitiliza ni aja amene woyang'anila wake anali na nambala ya munthu wa genset, anadziwa welder amene sanama, anakwanitsa kukhala pansi na mwini nchito na kumuuza zoona kuti tsiku lija talonjeza silitheka. Kukamba uthenga woipa kwa bwana, nthawi ikalipo, ni luso limene silipezeka mu foni. Cimodzimodzi kunyengelela ba chairman a pamsika, kudziwa kuti pa site pakagwa malilo nchito iima ndipo uyenela kukaonekela ku nyumba ya malilo, kapena kuzindikila pa kaimidwe ka foreman kuti simenti ina yatuluka pa geti usiku.

Koma tisasangalale msanga kuti ndiye kuti ma manager abwino apulumuka. Pali zinthu ziwili zimene zitidetsa nkhawa, ndipo coyamba ni umbombo wa olemba nchito. Bwana akaona kuti lipoti imene inali kutenga masiku atatu manje itenga ola limodzi, aganiza kuti manager mmodzi angasenze ma site asanu. Pa pepala zitheka ndithu, malipoti asanu adzafika pa nthawi yake. Koma munthuyo ali na miyendo iwili cabe, ndipo kucoka ku Chawama kupita ku Mandevu masana si nkhani ya mphindi khumi. Mapeto ake adzakhala mu ofesi, kulandila manambala pa foni na kuwapatsa makina, ndiye kuti tam'sandutsa manager wa pepala uja amene tanena kuti wachipa. Nthawi imene AI yapulumutsa iyenela kupita ku site. Ikapita m'thumba la bwana, ngalande idzagwa mvula yoyamba.

Caciwili cikhudza acicepele, ndipo ici ndiye citiwawa kwambili. Ba driver ambili a minibasi anayamba ngati ba conductor. Anaphunzila msewu ali pa citseko, akuwelenga chenji, akumvetsela injini, akuona mmene mkulu wawo akambila na ba traffic. Nayenso project manager anali kuyamba ngati kamnyamata kapena kamtsikana kolemba maminitsi, kokonza ndandanda, kothamangitsa ma invoice. Nchito yotopetsa, ya malipilo ocepa, koma m'menemo ndiye anali kumva mmene akulu akanganilana pa mtengo na mmene kontrakita abisila kucedwa. Iyi ndiye nchito imene makina atenga coyamba. Kampani ikaleka kulemba acicepele cifukwa laptop icita zonse, yasunga ndalama lelo, koma pakapita zaka khumi idzasakila manager wodziwa pansi ndipo siidzam'peza. Omaliza maphunzilo ku UNZA, ku CBU na m'makoleji a TEVETA ali kale pa mzele wautali wa nchito. Tikawatsekela na khomo laling'ono ili, adzalowela kuti?

Yankho siili pa kuletsa makina. Wacicepele alembedwe ndithu, koma m'malo mom'khazika pa desiki, apatsidwe gumboots na tepi. Asewenzetse AI kulemba lipoti, ndiye apite akapime yekha ngati zimene zalembedwa zilipo pansi. Ca kumapeto kwa 2024 unduna wa Technology and Science unatulutsa ndondomeko ya dziko ya AI, ndipo ni bwino kuti boma liganizilapo. Koma pa nkhani ya zomanga, cingathandize msanga ni lamulo losavuta lakuti kontrakita aliyense wopatsidwa nchito ya boma atengeko wophunzila mmodzi kapena awili pa site, maina awo alembedwe, ndipo woyendela nchito awapeze pamenepo.

Kacenjezo kamodzi kwa amene ayamba kale kusewenzetsa makinawa mu ofesi: musamaponye ciliconse mmenemo. Payroll yokhala na maina, manambala a NRC na a foni za anchito ni zinsinsi za anthu, ndipo dziko lino lili na Data Protection Act ya 2021. Mitengo ya tender imene siinatsegulidwe nayonso si yoika pa intaneti cifukwa cofuna tebulo yooneka bwino.

Kwa makhonsolo, ma NGO na makampani, pempho lathu ni lakuti musinthe kapimidwe. CV na kalata yofunsila nchito masiku ano zonse zioneka zonona, cifukwa wolemba ni mmodzi. Setifiketi ya PMP kapena ya kosi ya prompt ni yabwino, koma isakhale mapeto. Mutengeni munthuyo, mupite naye pa site imene inaima, mum'patse theka la ola azungulile, ndiye mum'funse cimene waona na cimene angayambe naco pa Monday. Mupatseni pulani yolembedwa na AI, muone ngati adzapeza pamene yanama. Kwa kontrakita, funsani kumene anamangapo, mupite mukaone cipupa, mukambe na ba head kapena ba sister-in-charge amene asewenzela mmenemo. Zidya nthawi na mafuta, inde, koma n'zochipa kuposa kumanga kawili.

Ndipo tisaiwale cimene cili kumapeto kwa nkhani zonsezi. Mu mvula ya 2023 kufika 2024 kolela inavuta mu Lusaka mpaka Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anatsegulidwa mu February m'malo mwa January. Madzi oima, zimbudzi zosefukila na zitsime zosazama ndiye njila za matendawa, ndipo ngalande yosatsilizidwa ni mbali ya nkhaniyo. Lipoti yosalala siinacotsepo madzi pakhomo la munthu.

Inu a m'basi muli na mbali yanu, cifukwa mupita pa manchito amenewa kawili pa tsiku, kuposa bwana aliyense wa ku Civic Centre. Pa site ya boma pamakhala cikwangwani coonetsa dzina la nchito, kontrakita na nthawi yotsilizila. Ciwelengeni basi ikaima. Ife tifuna kuti pa cikwangwanico pawonjezedwe dzina la project manager na tsiku la mu sabata limene apezeka pa site, kuti wa kantemba amene paipi yake yadulidwa adziwe wom'funsa. Pamene zimenezo zisanacitike, ba councillor na a Ward Development Committee ali na dzinalo. Mukaona nchito yaima masabata atatu, afunseni kuti woyang'anila ni ndani, anabwela liti komaliza, ndipo lipoti imene anatumiza ku council ikamba kuti nchito yafika pati.